Kalisto Zuze, Mlonda wa Chitunda cha Pamapale

Malemu Bambo Kalisto Zuze, amene atisonkhanitsa pano lero, anabadwa pa 14 Ogasiti 1954 m'mudzi muno mwa Dzambo, kwa Mfumu Yaikulu Mlolo, m'boma la Nsanje. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu ndi mmodzi a malemu Bambo Maliko Zuze. Abale awo onse anatsogola kale, iwo ndiwo anatsalira kutseka khomo.

A banja apempha kuti mbiriyi iwerengedwe monga inayendera, osalambalala pamene pali minga. Malemuwo ananena okha akudwala kuti pa maliro awo tisadzawapake mafuta. Choncho ena mwa inu mumva mawu amene anatuluka pakamwa panu. Sitikuwabwereza kuti tikuchititseni manyazi, ayi. Mutikhululukire.

Chifukwa cha alendo amene achokera kutali, tiyambe tatchula chitunda chimene mukuchiona kuseri kwa manda uko, chozingidwa ndi waya. Dzina lake ndi Pamapale. Kuno kwathu mayi akamwalira, amayi anzake amasenza mtsuko umene ankatungira madzi n'kukauswa pamwamba pa chitundacho. Akamwalira bambo, amakaswa mkhate wosambira umene mkazi wake anamuumbira. Opemphera ndi osapemphera omwe, tonse tinapeza zili choncho. Makolo ankati akufa amakweza nthaka kuti amoyo aponde pouma, chifukwa Shire ndi Ruo akakwiyira limodzi, malo ouma m'dera lino amatsala amenewo basi. M'chaka cha 1956, malemu asanakwanitse zaka ziwiri, anakhala masiku atatu pa chitundacho ali kumsana kwa amayi awo, mudzi wonse uli pansi pa madzi.

Malemu anayamba sukulu mu 1963 ku sukulu ya mishoni ku Muona. Ankapita wapansi, ndipo nthawi ya dzinja ankawoloka madambo atasenza kabudula ndi makope pamutu. Analekezera Sitandade 6 mu 1968, bambo awo atamwalira pangozi ya bwato limene linagubuduzidwa ndi mvuu. Chimene anatenga kusukuluko n'kuchisunga moyo wawo wonse ndi dzanja lolemba bwino. Ambiri a inu munalemberedwapo kalata yopita kwa mwana ku Joni kapena ku Beira ndi dzanja limenelo.

Kuyambira 1969 anakhala msodzi, akupha makakana ndi milamba m'madambo a Shire kuti alere ang'ono awo. Mu 1974 anapita ku Nchalo kukadula nzimbe, ndipo anagwira zaka zinayi. Anabwerera kumudzi mu 1978 ali ndi njinga, wailesi ndi chipsera cha chikwanje pa mwendo wakumanzere, chimene chinawayendetsa mopendekeka pang'ono mpaka ukalamba.

Pa 8 Sepitembala 1979 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Esinala, a m'mudzi momwe muno. Mayi Esinala anali woumba mbiya, monga amayi awo ndi akulu awo, Mayi Magdalena, amene tili nawo pano. Mitsuko yawo inkadziwika mpaka ku msika wa ku Bangula chifukwa cha mizere itatu ya chigoba cha nkhono yozungulira pakhosi. Chaka chomwecho anaumbira amuna awo mkhate. Mkhatewo unatuluka m'moto utapendekeka mbali imodzi. Anthu ataseka, mayiwo anangoti mkhate watsata mwini wake. Malemu anasambira mkhate womwewo zaka makumi anayi ndi zisanu, mabafa apulasitiki atadzaza kale m'nyumba za ana awo. Mulungu anawadalitsa ndi ana asanu ndi awiri, ndipo awiri anamwalira ali aang'ono.

Mu 2010 mvula inang'amba ngalande kumbali ya chitunda, ndipo ana anayamba kutola mikanda yobiriwira imene palibe anali ataionapo m'sitolo. Aphunzitsi a pasukulu analemba kalata. Mu Juni 2011 kunafika gulu la ofufuza zakale, lotsogozedwa ndi Bambo Nicholas, amene achoka ku Lilongwe dzulo kudzakhala nafe pa maliro ano. Anapempha kwa a nyakwawa, anapatsidwa malo, ndipo analemba amuna asanu ndi atatu kuti azikumba ndi kusefa dothi. Malemu anali mmodzi wa iwo. Ofufuzawo ataona kalembedwe kawo, anawachotsa pa sefa n'kuwapatsa ntchito yolemba manambala pa timatumba toikamo mapale.

Ofufuzawo anatiuza kuti mapale a pansi penipeni ali ndi zaka zoposa mazana asanu ndi atatu, kuti mikanda ija inachokera ku nyanja yamchere, ndiponso kuti pamalopo pankasungunulidwa chitsulo. Palibe munthu amene nkhani imeneyi inamulowa ngati malemu. Ankayenda ndi kabuku m'thumba la malaya. Potuluka m'tchalitchi ankaimitsa aliyense, ngakhale amene wasiya mphika pamoto, n'kumuuza kuti ife Amang'anja ndi Asena a kuno sitinatere ndi madzi a dzulo, ndipo dziko lonse lidziwa tsopano. Anthu amene kwawo kumatchulidwa pa wailesi pokhapokha madzi akasefukira angamvetse chimene chinawakondweretsa.

Mayi Esinala nawonso ankapita kukumbako kukapereka thobwa. Akatola phale ankanena kuti woumba wake anali wamanzere, kapena kuti anaumba mofulumira mwana akulira, kapena kuti dongo linachepa mchenga. Bambo Nicholas ankalemba zonsezo n'kumawatchula kuti aphunzitsi. Tsiku lina mayiwo anatola phale lochokera m'dothi la pamwamba, limene amuna awo anali atalilemba kale nambala. Analiyang'ana, n'kunena kuti limeneli ndi la mtsuko wa amayi awo. Sanalibwezere m'kathumba. Anakumba ndi chala n'kulikwirira pamene linachokera. Amene analipo akuti malemu anangoima ndi kathumba kopanda kanthu m'manja, osadziwa woti amuyang'ane, mkazi wawo kapena bwana wawo. Lero tikamayang'ana m'mbuyo, timaona kuti mng'alu unayambira pamenepo.

Mu Januwale 2015 madzi anasefukira monga mukukumbukira. Anthu oposa mazana atatu anakhala pa chitunda masiku anayi. Anakumba mafuwa, anakumba zimbudzi, ndipo maenje amene ofufuza anawakwirira mosamala anagumuka. Palibe anamwalira m'mudzi muno. Koma amene anabwera kudzaona madzi ataphwa anakalemba kuti malowo atsala pang'ono kutheratu.

Mu Meyi 2016 kunachitika msonkhano pansi pa bwemba wa kwa a nyakwawa. Akuluakulu ochokera ku likulu analengeza kuti Pamapale tsopano ndi chuma cha Amalawi onse, kuti mwana wa ku Karonga ali ndi gawo pamenepo chimodzimodzi mwana wa kwa Dzambo. Anati pamangidwa mpanda, ndipo sikudzaloledwa kukumba, kuchotsa, ngakhale kuwonjezera kanthu. Anafotokoza kuti dothi la chitunda lili ngati buku, ndipo mapale atsopano akamasakanikirana ndi akale, masamba a bukulo amasokonezeka, wowerenga sadziwanso za dzulo ndi za makedzana. Za madzi anati anthu asamukire kumtunda. Za mitsuko anati tiziswera m'mbali mwa mtsinje.

Bambo Sebastiano, amene akhala kutsogolo kuno, anaimirira n'kufunsa kuti Amalawi onsewo akadzabwera tsiku la madzi adzakwana pati, poti ife tokha timaponderezana. Anthu anaseka. Mayi Magdalena sanaseke. Anati buku limene eni ake akulembabe silitsekeredwa m'kabati, ndipo chitunda chimene chasiya kulandira chayamba kufa. Alendowo analemba mawu awo m'kope, anathokoza, ndipo waya unabwera mwezi wotsatira.

Pofuna mlonda, anasankha malemu. Akazi awo anawaletsa. Iwo anayankha kuti kiyi ndi bwino akhale m'thumba la mwana wa pamudzi kusiyana ndi mlendo. Anasayina pepala, analandira yunifolomu, nsapato ndi chipewa. Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse. Ankazula udzu ndi manja poopa kuti khasu liswa kanthu. Ana a sukulu akabwera kuchokera ku Nsanje kapena ku Chikwawa, ankawazungulitsa malo onse akufotokoza mpaka mawu kusasa. Ana ambiri a kuno anamva koyamba kwa iwo kuti agogo awo ankadziwa kutulutsa chitsulo m'mwala.

Mu 2017 m'mudzi muno munagwa maliro awiri a amayi, a amayi awo a Bambo Sebastiano ndi a akazi awo a Bambo Fatsani. Kawiri konse amayi anafika pa geti ndi mtsuko, ndipo kawiri konse malemu anawabweza. Mitsuko ija inaswedwa m'mbali mwa mtsinje monga kunalamulidwa. Mvula yoyamba itagwa, sipanatsale ngakhale phale limodzi.

Pa 21 Julaye 2018 Mayi Esinala anamwalira ku chipatala cha ku Muona atadwala chibayo sabata imodzi. Anaikidwa m'manda awa. M'mawa mwake amayi anatenga mtsuko wawo, Mayi Magdalena ali patsogolo. Aliyense ankadziwa kuti lero geti litseguka, chifukwa mwini kiyi ndiye wamasiye. Atafika anapeza malemu afika kale. Anali atavula nsalu yamaliro n'kuvala yunifolomu, chipewa ndi nsapato zomwe, ataima kutsogolo kwa loko.

Amayi anayimba nyimbo imodzi mpaka kutha, akudikira. Malemu sanasunthe. Mayi Magdalena anawafunsa ngati akudziwa mwini mtsukowo. Iwo anayankha kuti akuudziwa, amweramo zaka zambiri. Anati: “Alamu, ndinabweza amayi a Sebastiano, ndinabweza mkazi wa Fatsani. Ndikatsegulira wanga, ndiwayang'ana ndi nkhope iti?” Mayi Magdalena anatula mtsuko uja pafupi ndi nsapato zawo n'kunena kuti: “Ndiye muzikhala nawo, a Boma. Kumtsinje mng'ono wanga sapita.” Amayi anabwerera opanda nyimbo. Malemu anakhala pa getipo mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenako ananyamula mtsukowo okha, mwamuna wamkulu, kudutsa pakati pa mudzi anthu akuona.

Kuyambira tsiku limenelo dzina la Kalisto linatha, kunatsala a Boma. Ana ankawakuwira m'njira. Akafika pa dooko, asodzi anzawo ankasintha nkhani. Kudimba kwawo kunasiya kubwera anthu othandiza kukumba mbatata. M'tchalitchi anachoka pa benchi ya kwaya n'kumakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mayi Magdalena sanapondenso pabwalo pawo. Ana awo enieni anagawanika, ndipo mwana wawo woyamba, Bambo Lazaro, anakhala chaka chathunthu osadya m'nyumba ya bambo ake. Malemu sanadandaulire munthu. Mtsuko uja anauika pakona ya chipinda chawo, pa nkhata, atauvindikira ndi chitenje cha akazi awo. Sankatungiramo madzi, koma amene tinkagona m'nyumbamo tikudziwa kuti m'mawa uliwonse, asanavale yunifolomu, ankaupukuta fumbi.

Madzi a 2019 ndi a 2022 anapatsa anthu mpata wothawira ku sukulu ya kumtunda. A Malichi 2023, a namondwe Freddy, sanatero. Anayamba ndi kudula njira ya kumtunda, kenako anatembenukira mudzi. Pamene anthu ankafika pa chitunda, geti linali litamira kale chifukwa linamangidwa mbali ya kumtsinje. Malemu anali ndi zaka 68. Anadutsa madzi ofika m'chifuwa atanyamula chikwanje, anakafika mbali ya kumudzi, n'kudula waya umene anaulondera zaka zisanu ndi ziwiri. Anaima pakhomo limene anang'ambalo akukoka anthu ndi dzanja, ana, okalamba, mbuzi. Mayi Magdalena anadutsa pomwepo atabelekedwa ndi mdzukulu wawo. Malemu atawafunsa ngati avulala, mayiwo anayang'ana kumbali.

Anthu anakhalapo masiku asanu. Kanyumba kamalata kamene kankaphimba dzenje la ofufuza kanagumulidwa kuti ana abisalemo mvula. Mitengo ya chikwangwani cha boma inasonkhezedwa pamoto wowiritsa madzi a mayi wina amene anachira pomwepo. Malemu anaona zonsezo, sanaletse.

Tsiku lachitatu madzi anasiya kukwera. Malemu anatenga bango n'kuyeza kuchokera pamene madzi analekezera kufika pamwamba pa chitunda. Unali mkono umodzi wokha, kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Iwo ndiwo analemba manambala a dothi lonse la chitundacho, choncho ankadziwa chimene chili mu mkono umenewo. Anaitana Bambo Lazaro n'kuwauza kuti pamene mudzi wonse waimapa si pa anthu a makedzana a m'kabuku, koma pa mitsuko ya amayi amene tikhoza kuwatchula mayina. Anati akanakhala kuti agogo athu anali ndi mlonda ngati iwo, bwenzi lero tonse tili ku Mozambique, chagada. Bambo Lazaro akuti kanali koyamba kuona bambo awo akulira, chifukwa ngakhale pa maliro a amayi awo misozi sinaoneke.

Madzi ataphwa, mtsuko ndi mkhate zinapezeka m'nyumba mwawo zisanasweke. Mu Juni 2023 malemu analandira kalata yowaimitsa ntchito mpaka nkhani ya katundu wowonongeka itafufuzidwa. Tinene zoona, kalatayo sinawadzudzule chifukwa chopulumutsa anthu, ndipo Bambo Nicholas analemba kalata yawo yowaikira kumbuyo. Koma kufufuzako sikunathe, ndipo ntchito sinabwerere. Anabweza kiyi ndi yunifolomu atazichapa. Pa geti panaikidwa loko watsopano. Pamene iwo anadula waya anangopingasapo minga, ndipo mpaka lero pali chomwecho.

Anthu ena anayamba kuwapatsanso moni, koma dzina la a Boma silinachoke. Ena ankati atsegula chifukwa madzi anafika pakhosi pawo. Ku boma anali munthu wowononga chuma cha dziko, kumudzi anali munthu wokaniza mkazi wake. Anatsala ngati bwato lomasuka pa dooko, tsidya lino osalifuna, tsidya linalo osaliitana.

Ambiri anawauza kuti popeza salinso pa ntchito, angopita m'mamawa ndi mtsukowo n'kukauswa, palibe angaone. Anakana. Anati Esinala sanali mbava kuti alowe kwa amayi ake mozemba. Anatinso zimene ofufuza ananena za buku losokonezeka si bodza, chifukwa anaziona ndi maso awo pa sefa. Pakati pa 2023 ndi 2024 analemba makalata asanu opempha kuti mudzi upatsidwe ngodya imodzi ya chitunda yoswerapo mitsuko. Yankho linabwera limodzi, lonena kuti nkhaniyo ikuunikidwa.

Pa 3 Sepitembala 2024 malemu anagwa ali kudimba. Ku chipatala anatiuza kuti ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mbali yakumanzere inafa. Anatuluka patapita sabata zitatu. Kuyenda kunatha, kulankhula kunkavuta, koma dzanja lamanja linatsala lamoyo.

Atangofika kunyumba anapempha zinthu ziwiri, mtsuko wa akazi awo ndi msomali. Ankakhala pakhonde, mtsuko uli pakati pa miyendo, akukanda. Poyamba tinkaganiza kuti matenda afika kumutu. Titayang'anitsitsa tinaona kuti akulemba chaka chimene mayi anamwalira, 2018, tizilembo tating'ono ngati nyerere. Akamaliza pamodzi ankasuntha zala ziwiri n'kulembanso. Analemba pakhosi, pamimba, pansi, ndi m'kati momwe dzanja linkafika. Mwana wawo Lilian atawafunsa, anayankha movutikira kuti mtsuko umasweka mmene wafunira, choncho phale lililonse liyenera kukhala ndi chaka chake. Anati wofufuza wa m'tsogolo akadzalitola asadzanamizidwe, ndipo Esinala asadzatsekeredwe kunja. Ntchito imeneyi inawatengera miyezi inayi. Misomali itatu inatha.

Atamaliza anaitanitsa mkhate wawo wopendekeka uja. Pamenepo panali vuto, poti munthu sadziwa chaka chake. Paliponse pa mkhatewo ankalemba manambala atatu okha, 2, 0 ndi 2, n'kumasiya kampata. Anati kotsalako adzamaliza ena. Anati akapitirira 2029 ndiye kuti Mulungu wawawonongera ntchito, ndipo anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Kanali komaliza kuwamva akuseka.

Mu Meyi chaka chino anayamba kukana chakudya. Analandira masakramenti pa 1 Juni. Anatisiya Lolemba pa 9 Juni 2025, nthawi ya 3 koloko masana, kunyumba kwawo, ali ndi zaka 70. Dzulo zidzukulu zawo zinakhala pakhonde lomwelo ndi msomali n'kudzaza timipata tija ndi nambala 5. Timipatato tinapezeka tili 83.

Malemu anasiya mawu awiri oti anenedwe pagulu. Oyamba ndi a kwa Bambo Sebastiano ndi Bambo Fatsani pamodzi ndi mabanja awo. Anati mtsuko wa mkazi wawo unapeza pobisala m'nyumba, koma yanu inapita ndi madzi, ndipo palibe msomali umene ungalembe pa phale limene lili pansi pa Shire. Anati sakupempha kuti muwakhululukire, chifukwa alibe chobweza. Akungofuna mudziwe kuti ankadziwa chimene anakulandani.

Achiwiri ndi okhudza mtsuko ndi mkhate. Anati zipite limodzi ku Pamapale, masana, anthu akuona, ndipo a boma auzidwe nthawi yake. Anatinso mtsukowo anautula pa mapazi awo ndi Mayi Magdalena, choncho woyenera kuunyamulanso ndi iwowo. Akakana, usaswedwe.

A banja atsata mawu amenewa. M'mawa uno anakhala pansi ndi Bambo Nicholas n'kuwaonetsa ziwiya ziwirizo. Bambowo anatembenuza mtsukowo nthawi yaitali. Kenako ananena mosabisa kuti alibe mphamvu yopereka chilolezo, kuti lamulo silinasinthe, ndipo chimene achione lero ayenera kukachilemba, ndi mayina omwe. Sangalonjeze kuti palibe adzaitanidwe. Bambo Lazaro anawapempha kuti ayambe ndi dzina lawo, ndipo anawatchulira chilembo chimodzichimodzi kuti lisalakwike. Bambo Nicholas analemba. Atatero anapempha kuti aloledwe kuyenda pambuyo pa amayi, kuti aone malo enieni pamene mapale agwere. A banja avomera. Sitikudziwa chimene chidzatuluke ku Lilongwe. Choncho a banja sakukakamiza munthu aliyense. Amene ali pa ntchito ya boma, kapena ali ndi chifukwa china choopera, akhoza kutsalira kumanda, ndipo sitidzamuwerengera mlandu. Taona kale chimene kuwerengerana kotero kumachita kwa munthu.

Kunatsala kumva kwa Mayi Magdalena. Mayiwa, amene ali ndi zaka 76, analowa pabwalo la malemu m'mawa uno, koyamba kuchokera mu 2018. Sanapite kumene kuli bokosi. Anafunsa kumene kuli mtsuko. Anachotsa chitenje, anaugogoda ndi chala, ndipo unalira bwinobwino ngati wotuluka m'moto dzulo. Anayendetsa chala pa mizere itatu ya pakhosi, kenako pa manambala aja. Anati: “Mwamuna ameneyu! Mtsuko wabwinobwino wa mng'ono wanga wauipitsa ndi sukulu yake.” Kenako anapempha nkhata.

Malemu asiya ana asanu: Lazaro, Mavuto, Lilian, Smart ndi Tithokoze. Asiya zidzukulu khumi ndi zisanu ndi zinayi, zidzukulutudzi zinayi, ndi alamu awo Mayi Magdalena. Mwa zidzukulu za mudzi uno muli kamtsikana kotchedwa Princess, kamene kanabadwira pa chitunda pa moto wa chikwangwani chija. Malemu ankakawerengera ngati kawo.

A banja akuthokoza a nyakwawa Dzambo, bambo mfumu ndi akhristu onse a m'mphakati, a kwaya, adzukulu amene akumba manda pa dothi louma ngati lino, amayi amene aphika ndi kutunga madzi kuyambira Lolemba, madokotala ndi anamwino a ku Muona, ndi asodzi amene awolotsa abale ochokera tsidya lija. Kwa abale a ku Morrumbala, ku Mozambique, tikuti takhuta, ndiko kuti zikomo m'Chisena. Tikuthokoza Bambo Nicholas poyenda mtunda wautali komanso polankhula nafe zoona. Tikuthokoza Bambo Sebastiano ndi Bambo Fatsani, amene akanatha kukhala kunyumba kwawo lero koma abwera.

Mwambo wa mpingo ukatha kumanda, amene afuna adzatsata amayi. Sitidzera ku geti, kiyi si wathunso. Tidzera pamene malemu anadula waya. Anyamata achotsa kale minga.

Bambo Kalisto Zuze, munalondera chitunda zaka zisanu ndi ziwiri muli kunja kwake. Lero mukwera pamodzi ndi akazi anu, ndipo nthaka ikwera pang'ono. Ambuye akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere.